Bambo Anga ndi Chigubu cha Madzi

Bambo anga anabwera kudzakhala nafe ku Area 11 mvula itangoyamba, chaka chimene mayi anatisiya. Anali mphunzitsi wopuma ntchito, wa kumudzi kwathu chakumadzulo kwa Lilongwe, munthu wokonda kufunsa ndi kutsutsa. Sankavomera chinthu msanga, koma akachivomera ankachigwira ndi manja awiri. Chimene chinawabweretsa m'tauni chinali kuthamanga kwa magazi. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anawapeza ndi bipi yokwera, ndiye ine ndi mwamuna wanga tinaona kuti ndi bwino akhale pafupi nafe mpaka mankhwala atawayanja.

Kuchipatala cha m'tauni anawapatsa kapiritsi kakang'ono komwa m'mawa uliwonse. Anawachenjeza kuti kadzawakodzetsa pafupipafupi, chifukwa ntchito yake ndi kutulutsa madzi ndi mchere wina m'thupi kuti magazi asapanikize mitsempha. Anawauzanso kuti achepetse mchere m'zakudya. Ine ndinali pomwepo ndipo ndinamva bwinobwino kuti anati achepetse. Bambo anamva kuti asiye. Kuyambira tsiku limenelo ankaima pakhomo la khitchini kudikira kuti ndiwo zawo zipatulidwe mchere usanathiridwe. Usipa anaukana, buledi anamukana atamva kuti naye amaikamo mchere. Nyemba zopanda mchere ankazidya nkhope ili gwa, ngati munthu amene akulemba mayeso, ndipo ana anga ankawayang'ana mwachifundo.

Kenako kunabwera nkhani ya madzi. Bambo anali pa gulu la pafoni la aphunzitsi anzawo opuma ntchito, kumene ankatumizirana mauthenga a maliro, mavesi ndi malangizo a zaumoyo. Tsiku lina munthu wina anaponyapo mawu ojambulidwa a bambo wina wa mawu okoma, amene sanatchule dzina lake kapena kumene anaphunzira. Iyeyo ankati matenda onse amayamba ndi magazi akuda, ndipo magazi amachapidwa ndi madzi. Munthu azimwa madzi ambiri akangodzuka, asanasukusule n'komwe, n'kumapitiriza tsiku lonse osadikira ludzu. Bambo anaumvetsera uthengawo kangapo ali pakhonde, kenako anandiitana n'kundiuza kuti izi ndiye zomveka. Nsalu ikada timaichapa ndi madzi, mbale ikada timaitsuka ndi madzi, nanga thupi lingasiyane pati? Ine sindinawaletse. Ndinali nditakula ndikumva kuti madzi ndi moyo, ndipo sindinamvepo za munthu amene anadwala chifukwa chomwa madzi oyera.

Anapeza chigubu cha malita asanu, n'kuchitsuka bwino, n'kuchimangirira chingwe cha buluu pa chogwirira. Poyamba ankachimaliza dzuwa likamalowa. Patapita masabata angapo ankachimaliza masana n'kuchidzazanso. Kulikonse kumene ankapita, chigubu chinali m'manja.

Kumene ankapita kwenikweni kunali kumodzi. Ku Old Town, pakhonde la sitolo ina pafupi ndi mzikiti, panali telala wachikulire amene anawasokera suti ya ukwati wanga, ndipo kuchokera nthawi imeneyo anakhala mabwenzi. Atelalawo anali Msilamu, munthu wochepa thupi, wofatsa, wa ndevu zoyera zometedwa bwino. Ankawatchula bambo kuti aphunzitsi, bambo n'kumawatchula iwo kuti achimwene. M'mawa ndikamapita ku ofesi ku City Centre ndinkawasiya bambo pa siteji, iwo n'kukwera minibasi ya m'tauni. Ankatandala pabenchi pafupi ndi makina osokera, akuwerenga nyuzipepala mokweza ndi kutsutsana ndi aliyense wobwera kudzayesa thalauza.

Chaka chimenecho mwezi wa kusala kwa Asilamu unafika mvula itadula. Kunali ng'amba, chimanga cha m'mbali mwa misewu chitapota masamba, ndipo malata a makonde a ku Old Town ankatentha ngati chiwaya. Loweruka lina ndinapita ndi chitenje kuti atelala andisokere, ndipo ndinakhala nawo kanthawi. Zimene ndinaona tsiku limenelo ndi zimene zinayamba kundisokosa m'mutu. Uku kunali atelala, akupalasa makina ndi mapazi, thukuta likutsika m'khosi, osalawa ngakhale dontho la madzi chiyambire m'bandakucha. Uku kunali bambo anga, atangokhala pamthunzi, akutembenukira kukhoma mwaulemu kuti amwe m'chigubu chawo mnzawo asakuona, kenako n'kunyamuka kupita kuseri, n'kubwerera, n'kumwanso.

Bambo ankawamvera chisoni anzawowo. Anawauza mosabisa kuti akupha impso zawo, ndipo tsiku lina adzagwa pamakinapo. Atelala anangoseka. Anati akhala akufunga, kunena kusala, kuyambira ali mnyamata, ndipo masiku oyamba okha ndi amene amavuta. Kenako anatsitsa mawu poona kuti ine ndilipo.

"Pepani mayi, koma nkhani ya thupi ilibe manyazi. Ine masana onse kuseri ndimapitako mwina kamodzi, ndipo zotulukazo zimakhala zochepa, zofiirira ngati tiyi. Ndikamwa madzulo, usiku zimayeranso. Thupi limadziwa lokha zochita."

Bambo anati zofiirirazo ndiye umboni wa magazi akuda. Ine pobwerera kunyumba ndinkadzifunsa kuti thupi lingadziwe bwanji. Madzi amene atelala sanamwe, ndani ankawasunga? Nanga amene bambo ankamwa, onse aja ankapita kuti?

Zizindikiro zinayamba pang'onopang'ono, moti sitinazilumikize. Bambo anayamba kudandaula mutu. Kenako nseru, ndipo chakudya ankangochitosatosa. Minofu ya m'miyendo inkawakokana akagona. Munthu amene ankayankha funso lisanathe anayamba kumakhala kaye chete, n'kufunsa kuti mwati chiyani. Nditanena zopita kuchipatala anakana, amvekere uthenga uja unanena kale kuti zoipa zikamatuluka m'thupi munthu amayamba wamva kufooka. Mankhwala ake, iwo anati, kunali kuwonjezera madzi.

Tsiku lina masana ndili mu ofesi, foni yanga inalira. Anali atelala, amene anali asanandiimbirepo. Anati ndifike msanga, aphunzitsi sakuyankhula zomveka. Msewu wopita ku Old Town masana amenewo unali wodzaza, ndipo pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe magalimoto ankangokwawa. Nditafika ndinapeza bambo atawagoneka pamkeka m'kati mwa sitolo. Anali maso, koma anandiyang'ana ngati mlendo. Ankawatchula atelala dzina la mkulu wawo amene anamwalira kalekale, n'kumawafunsa ngati ana asesa m'kalasi. Atelala anandifotokozera kuti bambo anaimirira kuti apite kuseri, n'kudzandira ngati woledzera. Anthu a pamenepo, poganiza kuti ndi dzuwa, anawamwetsa madzi, ndipo anasanza.

Mtima wanga unathamangira ku sitiroko. Bipi yokwera, munthu wachikulire, mawu osokonekera, china chingakhale chiyani? Tinawanyamulira m'galimoto, atelala n'kuponyamo chipewa cha bambo ndi chigubu chija, ndipo ndinalunjika kuchipatala.

Dokotala amene anatilandira anali mayi wachitsikana, woyankhula modekha. Anawauza bambo kuti amwetulire, akweze manja onse awiri, amufinye zala. Mbali zonse zinali ndi mphamvu zofanana. Anawayeza shuga, anali bwino. Malungo sanapezeke. Anatenga magazi kutumiza kokayeza, ndipo podikira anayamba kundifunsa za moyo wawo wa tsiku ndi tsiku. Ndinamutchulira dzina la mapiritsi, ndinamuuza za ndiwo zopanda mchere. Kenako ndinawonjezera, ngati munthu wonena chinthu chabwino, kuti madzi okha ndiye amamwa kwambiri. Dokotala anasiya kulemba n'kufunsa kuti kwambiri kwake bwanji. Ndinapita kugalimoto kukatenga chigubu, n'kumuuza kuti chimenechi chimatha, china n'kuyambika. Anachiyang'ana, n'kugwedeza mutu pang'ono ngati wapeza chimene amafuna.

Zotsatira zitabwera anandiitanira pambali. Anati mchere wa m'magazi a bambo watsika kwambiri, ndipo n'chimene chawasokoneza mutu. Ndinadabwa, chifukwa sindinkadziwa n'komwe kuti m'magazi muli mchere woti n'kuyezedwa. Iye anandifunsa ngati ndinalawapo misozi kapena thukuta. Anati madzi onse a m'thupi ali ndi mchere wake, ndipo thupi limasamala kwambiri kuti mlingo wake usasinthe. Bambo anali atatseka khomo lolowera mchere, mapiritsi akutulutsa umene unalipo, ndiye pamwamba pake n'kumathira madzi osalekeza. Zinali ngati kuthira madzi mumphika wa ndiwo mobwerezabwereza mpaka msuzi kusanduka madzi okhaokha.

Ndinafunsa kuti nanga msuzi wosukuluka ukukhudzana bwanji ndi mutu. Anati madzi ali ndi khalidwe lothamangira kumene kuli mchere wambiri. Magazi akasukuluka, madzi amachoka m'magazimo n'kulowa m'tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga minofu ndi ziwalo, ndipo timafufuma. Mwendo ukafufuma pang'ono palibe vuto, uli ndi malo. Koma ubongo uli m'chigaza, ndipo chigaza sichitanuka.

Mawu amenewo anandiopsa, komabe ngakhale ndinali ndi mantha, mbali ina ya mtima wanga inkafuna kumva zambiri. Ndinati ngati vuto ndi mchere, bwanji osangowapatsa supuni ya mchere, kapena kutsegula diripi kuti ithamange? Dokotala anakana mwamphamvu. Anati popeza zinthuzi zinachitika pang'onopang'ono kwa masabata, ubongo unali utayamba kale kuzolowera magazi osukulukawo. Kubweza mchere mwadzidzidzi kukhoza kuvulaza ubongowo koposa matendawo. Anayenera kukweza mcherewo pang'onopang'ono, akuyeza magazi pafupipafupi. Anaimitsa mapiritsi aja, anawaika diripi ya madzi a mchere yodontha mwaulesi, n'kulamula kuti madzi akumwa azipatsidwa ochepa, oyezedwa. Namwino anatenga chigubu chija n'kundipatsa kuti ndipite nacho kunyumba.

Bambo anabwerera m'maganizo mwawo monga mmene kumachera, osadziwika nthawi yeniyeni imene mdima wathera. Tsiku lotsatira anandizindikira, koma ankaganiza kuti tili kumudzi. Linalo anafunsa nyuzipepala. Nditawapeza akukangana ndi namwino za kalembedwe ka mawu ena pa chikwangwani cha pakhoma, ndinadziwa kuti munthu wanga wabwerera. Za tsiku la pasitolo sankakumbukirapo kanthu. Nditawafotokozera chimene chinawadwalitsa anamvetsera mpaka kumapeto. Ndinkayembekezera kuti achita manyazi kapena akwiya, koma iwo anangoti ndiwaitanire dokotalayo akapeza mpata, ali ndi mafunso.

Pabedi loyandikana ndi lawo anagonekapo bambo wina wa zaka zapakati, amene anabwera naye mkazi wake ali wofooka kwambiri. Chimene chinatikopa maso tonse chinali kapumidwe kake. Ankapuma mozama ndi mofulumira, ngati munthu amene wangomaliza kukwera phiri, chonsecho anali chigonere. Bambo anga ankaganiza kuti ndi chifuwa, koma anadabwa kuti munthuyo sankatsokomola. Mkazi wake anatiuza kuti ndi matenda a shuga, ndipo mankhwala anali atamuthera. Bambo anafunsa namwino wamkulu wa m'wodimo kuti shuga ndi mapapo zikugwirizana pati.

Namwinoyo anayankha akukonza diripi, osatchula za wodwalayo mwachindunji. Anati shuga akavuta kwambiri, thupi limalephera kumugwiritsa ntchito, ndiye limayamba kuwotcha mafuta, ndipo zotsalira zake zimawawasitsa magazi, kunena kuti asidi amachuluka. Magazi safuna kuwawasa kapena kusukuluka asidi kupyola mlingo wake, monganso mmene zilili ndi mchere. Mpweya umene timatulutsa popuma umachotsa asidi wina m'magazi. Choncho asidi akachuluka, ubongo umalamula mapapo kuti apume mozama, ataye wambiri. Mapapo alibe vuto, anatero, akuthandiza kuzimitsa moto woyaka kwina. Impso nazo zimathandiza potaya asidi mumkodzo, koma izo zimachedwa, pamene mapapo amayamba nthawi yomweyo.

Bambo anatembenukira kwa ine maso akuwala. Anati zaka zonse zimene anaphunzitsa sayansi ku pulayimale ankauza ana kuti timapuma kuti tilowetse mpweya wabwino ndi kutulutsa woipa, osadziwa kuti kutulutsako kulinso ndi muyeso wake. Masana onsewo anakhala akumvetsera kapumidwe ka mnzawoyo. Mankhwala atayamba kugwira ntchito, kupumako kunayamba kufatsa, ndipo bambo ndi amene anayamba kuzindikira n'kumuuza mkazi uja kuti alimbe mtima, zikusintha.

Atelala anabwera kudzazonda odwala nthawi ya masana, atanyamula nthochi m'pepala, iwo akadali pa kusala. Anakumanizana ndi dokotala uja akuyendera odwala, ndipo bambo sanataye mwayi.

"Adokotala, ndithandizeni. Achimwene angawa samwa madzi kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, ndipo akugwira ntchito padzuwa. Ine ndimamwa tsiku lonse ndili pamthunzi. Wagona pano ndine. Zatheka bwanji?"

Dokotala anaseka, n'kukhala pamphepete pa bedi. Anafotokoza kuti pansi pa ubongo pali kachigawo kamene kamalawa magazi usana ndi usiku. Munthu akakhala osamwa, magazi amayamba kukhala ndi mchere wochulukirapo, ndipo kachigawoko kamachita zinthu ziwiri. Kamadzutsa ludzu, komanso kamatumiza uthenga kudzera m'magazi momwemo kupita ku impso kuti zigwire madzi. Impso zimasefa magazi nthawi zonse, koma madzi ambiri amene zasefa zimawabwezera m'thupi. Uthengawo ukafika zimabweza ochuluka koposa, n'kutaya zoipa m'madzi ochepa kwambiri. Ndiye chifukwa chake mkodzo wa munthu wosala umachepa n'kufiirira. Munthu akamwa, uthengawo umaleka, impso n'kumasula.

Anati impso za munthu wathanzi zimathanso kutaya madzi ambiri akamwa mopyola, koma zili ndi malire. Kuti zitaye madzi zimafuna kamchere ndi zotsalira za chakudya zoti zipite nawo limodzi, ndipo bambo ankadya pang'ono, mopanda mchere. Ukalamba nawo umachepetsa mphamvu ya impso, ndiye mapiritsi aja anali akusokonezanso ntchito yomweyo yosukulutsa mkodzo. Zinthu zitatu zimene pazokhapazokha zikanapiririka zinakumana pamodzi.

Anatembenukiranso kwa atelala n'kuwauza kuti nawonso asadalire kwambiri, chifukwa kusunga madzi kuli ndi malire akenso. Tsiku limene adzatsegule m'mimba, kapena kupezeka ndi shuga kapena vuto la impso, adzafunse kaye achipatala asanasale. Atelala anavomera, n'kunena kuti chipembedzo chawo chomwe chimamasula wodwala. Kenako anawayang'ana bambo.

"Aphunzitsi, ine sindinkadziwa za uthenga wopita ku impso. Ndinkangoona tiyi uja."

Bambo anaseka mpaka diripi kugwedera, namwino n'kuwadzudzula.

Anatuluka m'chipatala ali ndi mankhwala ena a bipi, ndi malangizo amene ulendo uno ndinapempha dokotala kuti awabwereze kawiri bambo akumva. Mchere achepetse, asausiye. Madzi amwe akamva ludzu, awonjezereko pang'ono kukatentha kapena akatuluka thukuta, ndipo aziona mtundu wa mkodzo, usakhale wofiirira kwambiri komanso usamangokhala mbuu ngati madzi a pampopi tsiku lonse. Madzulo a tsiku limenelo ndinaphika nyemba n'kuthira kamchere pang'ono. Bambo anatafuna pang'onopang'ono, maso ali pambale, n'kunena kuti anali ataiwala kuti nyemba zimakoma.

Mlungu womwewo anajambula mawu awoawo n'kutumiza ku gulu la aphunzitsi lija. Anafotokoza zonse mwadongosolo ngati ali kutsogolo kwa kalasi, kuyambira msuzi wosukuluka mpaka chigaza chosatanuka. Ena anathokoza. Ena anatsutsa, amvekere iwo akhala akumwa madzi ambiri kwa zaka ndipo ali bwinobwino. Bambo anawayankha mmodzimmodzi, kuwafunsa mankhwala amene amamwa ndi zimene amadya, ndipo mkanganowo unatenga masiku. Ndikuganiza kuti unawachiritsa kuposa china chilichonse, chifukwa chimwalirireni mayi ndinali ndisanawaone akudzuka m'mawa ndi changu chotero.

Ine ndinatsala ndi chizolowezi chodziyang'anitsitsa. Ndikakhala pamzere wa magalimoto dzuwa likuswa mtengo, kukhosi n'kuyamba kuuma, ndimadziwa kuti kwinakwake m'mutu mwanga magazi alawidwa ndipo impso zauzidwa kale ine ndisanaganize n'komwe za botolo. Ndikakwera masitepe a ku ofesi n'kufika pamwamba ndili wefuwefu, ndimaima n'kumvetsera mmene kupumako kukubwerera pakepake popanda ine kulamula. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti thupi langa ndimaliyendetsa ndine.

Bambo anabwerera kumudzi nthawi yokolola, bipi itakhazikika. Patapita milungu ingapo anandiimbira foni masana ndili pa msonkhano, ndipo ndinatuluka mothamanga poganiza kuti kwagwa vuto. Anati ayi, ali bwino, koma akhala akuonerera mbuzi za mlongo wawo. Mbuzizo zinali ndi malo amodzi pakhoma la khitchini yakale pamene zinkapita kukanyambita dothi mpaka kukumba kadzenje, pamene makoma ena onse sizinkawakhudza. Iwo anali atalawako dothilo ndi nsonga ya lilime, ndipo linali ndi kamchere. Funso lawo linali lakuti, kodi mbuzi imamva njala ya mchere yosiyana ndi njala ya msipu? Ngati imamva, bwanji iwo sanaimve miyezi yonse ija?

Ndinawauza kuti sindikudziwa, komanso kuti asiye kulawa makoma. Anati ndikafunse dokotala uja, ndipo ngati iye sadziwa za mbuzi, ndifufuze wa ziweto. Ndinalonjeza kuti ndifunsa, ndipo ndinamva akuitana mwana wa mlongo wawo kuti atseke chitseko cha khola foni asanadule. Ndinabwerera mu msonkhano ndikuganiza za mnzanga wina wa mu ofesi amene mwamuna wake amagwira ntchito ya zanyama, ndipo titangotuluka ndinapita kukamufuna.